Kakhadi Nambala 7

4 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tadzuka, kungoti maso a bambo akunka nachita mdima. Tsopano munthu amamuzindikira ndi mapazi. Ine ndikadali kwa atelala, kusokerera mabatani ndi kupinda masiketi monga kale.

Pepani kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Mukudziwa kuti pa foni mawu amandithawa, ndimangoti "eya, eya" mpaka mwadula. Papepala ndimatha kufufuta n'kuyambanso. Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi ya m'mawa, ati amadutsa pa geti la wailesi yanuyo.

Nkhani ndi ya kachitini kaja. Tsiku limene munkabwerera, titaika amayi m'manda, munatenga kachitini ka tiyi kamene ndimasungamo timakhadi ta rekoda yanga yojambulira mawu. Munati mukakopera mawu onse pa kompyuta ya kuntchito kuti asatayike, ndipo mubweza pakatha sabata ziwiri. Tsopano yapita miyezi itatu. Munali timakhadi khumi ndi kamodzi. Kalikonse ndinakamata kapepala ka nambala, ndipo kope lofotokoza zimene zili m'menemo lili ndi ine.

Tinato mukhoza kuyamba mwakhala nato. M'menemo muli achule a kudambo, mvula pa malata, chigayo, nkhwali za kuseri kwa uvuni wa njerwa. Zimenezo ndikhoza kujambulanso, achule sasamuka. Koma ka nambala 7 ndikukafuna.

Ndikopere zimene ndinalemba m'kope: "9 Novembala, 5:40 m'mawa, pakhonde. Mphepo palibe. Njiwa ziwiri mu mtengo wa mapeyala. Amayi akusesa pabwalo, akuimba cham'mphuno. Mphindi 14."

Tsiku limenelo ndinkafuna njiwa zokha, ndipo mumtima ndinakwiya kuti tsache likundisokoneza. Sindinadziwe kuti awatsalira masabata awiri okha. Mukamvera mumva kasesedwe kawo kaja, katatu kenako kupuma, chifukwa cha msana. Chakumapeto amandiitana n'kundiseka kuti ndikujambula mphepo. Mawu awo tilibe pena paliponse. Mukudziwa kuti foni ankaithawa ngati ine.

Bambo ndinawauza za kakhadika, mwina ndinalakwa. Tsopano m'mawa uliwonse ndikawatulutsira mpando pakhonde amafunsa kuti, "Kachete, tsache la amako lija lafika?" Ndimati, "Lili m'njira, bambo." Dzulo anati, "Likubwera wapansi kodi?"

Chonde kakulungeni m'pepala, muike mu envulopu, mupatsire adalaivala omwewa.

Ndine mlongo wanu,
Kachete

19 Malichi

Kachete,

Moni kwa iwe ndi madala. Kalata yako ndalandira. Koma iwe, masamba atatu! Ukulemba buku? Ndawerenga poyambirira ndi pothera, zapakatizo ndiona ndikapeza mpata.

Tamva nkhani yabwino. Sindilinso wongonyamula zingwe ndi kupukuta maikolofoni. Abwana a mapologalamu andipatsa mphindi zisanu Loweruka lililonse, hafu sikisi m'mawa. Ndimaulutsa kulira kwa mbalame, madzi, zoterozo, ine n'kumafotokoza. Anthu a m'tauni muno apenga nazo. Mayi wina anaimba foni akulira, ati achule amukumbutsa kwawo. Achule, Kachete! Omwe tinkawagenda aja.

Za kachitini usade nkhawa, kali pabwino. Timakhadi ndikutigwiritsabe ntchito pang'ono. Ka 7 kaja ndikafufuza, kuno zinthu n'zambiri. Uwauze madala adekhe.

Rekoda ija ikugwirabe? Usaiwale kuti ndinachita kukutolera ine pa zinthu zotaya za kuntchito. Ndiye uzindijambulirako zina. Ndikufuna mtsinje ndi ng'ombe. Koma zopanda anthu, wamva? Anthu amadetsa mawu.

Achimwene ako

7 Epulo

Achimwene,

Moni. Takondwa kumva kuti akukwezani pantchito. Bambo chifuwa chinawagwira sabata yatha koma chasiya. Alamu muwapatse moni.

Loweruka tinatsegula wailesi hafu sikisi monga munanenera. Ndinaiika pa mpando pafupi ndi khutu la bambo. Mutayamba kuyankhula anamwetulira, ati, "Mawu ngati munthu woti ali ndi galimoto." Kenako kunamveka nkhwali. Inu munati munayenda masiku awiri kukafika m'nkhalango yakutali, munagona pansi pa mtengo udzudzu ukukudyani, kuti mupeze mbalame zimenezi.

Bambo anapendeketsa mutu. Anati, "Nkhalango imeneyi ili ndi chitseko cha khola lathu?" Chinalira ndithu, kwiii, chapatali, chopindika chija. Munachisiya chifukwa simunachimve. Ndinakayang'ana m'kope: kakhadi nambala 4, 2 Okutobala, kuseri kwa uvuni wa njerwa. Ndinapitako m'mawa kasanu, zinalira kachisanuko. Ndinakhala pa chulu nyerere zikundiluma, osagwedezeka, kuopa kuti nsalu yanga ingachite phokoso.

Poyambirira pa chilichonse chimene ndajambula ndimanong'oneza tsiku, nthawi ndi malo. Ndi mmene ndimachitira kuti ndisasokoneze. Pa wailesi mawu angawo panalibe. Sindikunena kuti ndikufuna kutchuka, ine akanditchula pagulu ndimafuna kulowa pansi. Koma mukanangoti "mlongo wanga". Amakanika a njinga oyandikana nafe aja anabwera pampanda, ati, "Achimwene ako ndi mwamuna, kugona m'nkhalango!" Ine ndinangoti eya.

Zimenezo zilekeni, ndameza. Rekoda munandipatsa ndinu, sindikukana. Koma sokosi imene ndimaveka pa maikolofoni kuti mphepo isawombemo, ndi miyendo imene imayendayo, ndi makutu, sizinatoledwe kuntchito kwanu.

Mtsinje ndi ng'ombe sindinajambule. Ndilibe pojambulira, timakhadi tonse tili kwa inu.

Ndalemba pothera penipeni kuti muone. Nambala 7, achimwene.

Kachete

28 Epulo

Mlamu wanga,

Muli bwanji kumeneko? Apongozi akupeza bwanji? Kuno ndife amoyo, kungoti ine zala zatupa ndi kuluka tsitsi, mwezi uno akwatibwi achuluka ngati ngumbi.

Kalatayi achimwene anu sakuidziwa, ndalembera ku saluni. Makalata anu ndimawerenga ndine, iwo amangowaponya pamwamba pa firiji. Ya Epulo ija ndinaiwerenga kawiri, chakudya chinandikanika. Atabwera kuntchito ndinawafunsa kuti, "Kodi kakhadi ka mwana uja kali kuti?" Ati, "Kali pabwino." Ndinati, "Pabwino pake pati? Tandilozerani ndi chala." Anayamba kufunafuna rimoti imene inali m'manja mwawo momwemo. Ndinazimitsa TV n'kuima patsogolo pake. Ndi pamene ananena.

Mlamu, khalani pansi. Kakhadi kalipo, koma amayi mulibemo. Mu Disembala mnzawo wa kuntchito ankakwatira, ndipo anawapempha kuti akajambule mawu a tsiku lonse. Analibe kakhadi kopanda kanthu. Anatsegula kachitini kanu n'kumayesa kamodzikamodzi. Pa 7 anamva njiwa ndi tsache, ati uyu ndi wosesa chabe. Anadulapo njiwa pang'ono n'kusunga pena, zotsalazo anafufuta. Pano muli ukwati, maola anayi, zoyankhula za akuluakulu ndi ng'oma.

Kalata yanu yoyamba itafika ndi pamene anadziwa chimene anafufuta. Anathamanga nako kwa wokonza makompyuta, anayesa masiku awiri, ati zimene zajambulidwa pamwamba pa zina, zapansizo sizibwerera. Tsiku limenelo achimwene anu sanadye, zimenezo ndiwachitira umboni. Koma kukuuzani akuopa, ndiye akungokuzungulitsani ngati mbuzi pachikhomo.

Ndinawauza kuti, "Mukapanda kulemba inu, ndilemba ine." Ati, "Tayesera." Ndayesera.

Pepani, mlamu. Ndikanakhala pafupi ndikanakugwirani dzanja.

Mlamu wanu

2 Meyi

Kachete,

Moni. Ndamva kuti alamu ako atsegula pakamwa. Chabwino, zinachitika. Pepa. Koma nawenso uganize. Ukanalemba pakakhadipo kuti "Amayi", osati 7. Ndikanadziwa bwanji?

Ine sindingakhale pansi n'kumamvera mphindi 14 za tsache. Pa kompyuta mawu amaoneka ngati mzere. Mbalame zimapanga timapiri ting'onoting'ono, koma munthu akayankhula kapena chinthu chikagwa, phiri limakwera. Ndimangoona ndi maso, pamene pakwera ndadula, basi. Akatswiri timatero. Amayi anali anganso, usaganize kuti sizikundiwawa. Koma madzi akatayika saoleka. Madala usawauze, ungawadwalitse. Aiwala okha.

Tsopano tithandizane. Loweruka pa 7 Juni abwana andipatsa mphindi makumi awiri zathunthu. Kubwera alendo a kampani ina imene ikufuna kuika dzina lake pa pologalamuyi. Zikayenda bwino andilemba kukhala muulutsi weniweni, zingwe ndasiyana nazo. Akufuna m'bandakucha wa m'nkhalango, wosadukiza, watsopano, chifukwa zam'kachitini ndaulutsa kale zonse. Ndaika kakhadi katsopano mu envulopu muno, mabatire anayi ali ndi adalaivala. Jambula mphindi 20 zoyera, zopanda munthu. Zifike mwezi uno usanathe. Ndikakwera ine takwera tonse, ndidzakugulira mahedifoni enieni.

Achimwene ako

17 Meyi

Kachete,

Moni. Bwanji zii? Adalaivala akuti envulopu anakupatsa m'manja, ati unangowayang'ana. Foni sukuyankha. Masiku akutha. Ngati wakwiya kwiya, koma jambula.

Achimwene ako

25 Meyi

Achimwene,

Moni, ndikhulupirira muli bwino. Pepani pochedwa, ndinkadikira m'mawa wopanda mphepo. Mawu munapempha aja ndajambula, ali pa kakhadi kamene ndakulunga m'kapepala kofiirako. Ndi mphindi makumi awiri ndi masekondi asanu ndi anayi. Mzere wake muuona kuti ndi wosalala, mulibe phiri ngakhale limodzi. Poyambirira sindinanong'oneze tsiku ndi malo, kuti musavutike ndi kudula.

Mabatire munatumiza aja ndi abwino. Awiri ndagwiritsa ntchito, awiri ndasunga m'kabati. Sokosi ya pa maikolofoni inabooka, ndaisoka ndi ulusi wakuda umene unatsala pa diresi la amayi a ku sitolo. Atelala agula makina ena, akale aja lamba anaduka kachitatu. Mbuzi yoyera ija yaswa awiri, wina ndi wopunduka mwendo koma akuyamwa. Denga la khitchini likudontha pakona pomwe paja.

Ndinaika rekoda pa chitsa kuseri kwa nyumba, poyang'ana kudambo. Oyamba kulira ndi apumbwa, kenako njiwa, nkhwali zikubwera pa mphindi 6. Pa mphindi 12 pali tsache ndi mawu anga, ndikunena zoona zonse za pologalamu yanu ndi za kakhadi nambala 7. Mumvere musanaulutse. Mukamvera n'kusankha kusaulutsa, ndi ufulu wanu. Pa mphindi 15 pakudutsa njuchi.

Mapeyala chaka chino sanabereke kwambiri. Amakanika apenta chitseko chawo, chikuoneka bwino. Chitsime cha kumunsi chija anachikonza, sitikupitanso kutali. Mphaka wa oyandikana nafe ena anagwira nkhunda imodzi ya amakanika, anakangana pang'ono koma agwirizana.

Bambo sindinawauze, monga munanenera. Akufunsabe.

Zabwino zonse pa 7 Juni.

Kachete

9 Juni

Mlamu,

Ndikupatseni moni kapena ndiyambe ndapuma? Muli bwanji? Inu, inu! Madzi odikha ndiwo amamiza ndithu.

Ndikuuzeni mmene zinayendera, poti ndinalipo. Achimwene anu anandiitana, ndinavala diresi langa lobiriwira. Kakhadi kanu katafika, achimwene anu anakaika pa kompyuta, anayang'ana mzere, ati, "Waona? Mwanayu mtima wake ndi wabwino, wakhululuka." Kalata anawerenga mizere iwiri, anaona za mbuzi, anaiponya pa firiji. Ine ndinaiwerenga yonse, mpaka pakati. Ndinaibwezera pa firiji pomwepo. Mulungu andikhululukire, ndinawafunsa kamodzi kokha kuti, "Mwamvera?" Ati, "Iwe luka tsitsi, za wailesi uzisiye." Ndinazisiya.

Loweruka anavala tayi. Anayankhula bwino zedi, ati ulendo uno anakhala m'nkhalango masiku anayi, njoka inadutsa pa mwendo wawo iwo osagwedezeka. Kenako anatsegula mawu aja, n'kutuluka mu situdiyo kukamwa tiyi ndi alendo m'chipinda chochezera, poti mphindi makumi awiri n'zambiri. M'chipindamo muli sipika pakhoma. Alendo anali atatu, wamkulu wawo mayi wa magalasi. Ankamvera atatsinzina, ati, "Mtima ukuchita kuzizira." Achimwene anu n'kumawalozera ndi supuni kuti iyo ndi mbalame yakuti, imapezeka kutali kokhakokha.

Ndiye tsache linayamba. Katatu, kupuma. Katatu, kupuma. Mayi uja anatsegula maso, ati, "M'nkhalangomo amasesamo?" Wina anaseka. Achimwene anu anasiya kuloza ndi supuni.

Kenako mawu anu, mlamu. Aang'ono, koma omveka ngati muli m'chipinda momwemo. Ndinawasunga pamtima: "Lero ndi pa 21 Meyi, nthawi ndi 5:52 m'mawa, kuseri kwa nyumba yathu. Wojambula ndine, mlongo wawo wa amene akuulutsa pologalamuyi. Achule, mvula, nkhwali, zonse mwakhala mukumvazi ndinajambula ndine. Iwo m'nkhalango sanagonemo."

Achimwene anu anataya kapu n'kuthamanga. Pakhomo la situdiyo anakodwa ndi chingwe, chomwe amanyamula okhacho, anagwa chafufumimba. Podzuka anapeza abwana aima pachitseko. Abwana anati, "Isiyeni ithe."

Ndiye dziko lonse linamva zotsalazo: "Tsache mwamvali ndi la mayi athu. Ndikusesa ndine, chifukwa pamene ankasesa eni ake, achimwene anafufuta kuti ajambulirepo ukwati. Bambo akudikirabe. Ndatha." Kenako njiwa zinapitiriza ngati palibe chachitika. Njuchi yanu ija inadutsadi. Tonse m'chipindamo tinamvera mpaka mphindi makumi awiri zinakwana.

Mayi wa magalasi anatenga chikwama chake, anandifunsa kuti, "Inu ndinu ndani wawo?" Ndinati, "Ndinangobwera ndi diresi." Pologalamu aithetsa. Achimwene anu awauza kuti ayambe akhala kunyumba mpaka adzawaitane. Foni yawo ikungolira, anzawo akuwafunsa za njoka.

Sindikudziwa ngati ndikuyamikeni kapena ndikukalipireni, poti mphika wake ndi womwe ndimadyamo ine. Koma ndiuzeni chinthu chimodzi: apongozi anamva?

Mlamu wanu

10 Juni

Kachete,

Wakondwa? Wandivula pamaso pa dziko lonse. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikukwawa pansi ndi zingwe kuti tsiku lina ndidzakhale pa mpando uja, iwe wagwetsa ndi tsache. Ndinalakwa, ndinapepesa. Unkafuna chiyaninso, magazi?

Tenga kachitini kako. Timakhadi tonse tilimo, werenga, poti kuwerenga ndiye umatha. Ndaikamonso kakhadi ka zonse zimene ndinayeretsa, ndipo pa foni yanga ndafufuta. Sindifuna kanthu kako m'nyumba muno. Usandilemberenso.

22 Juni

Achimwene,

Moni, ngakhale simunandipatse moni. Mwati ndisalembenso. Iyi yokha, ndipo muiwerenge yonse, chifukwa za pakati ndi zimene zinakugwetsani. Kalata ya pa 25 Meyi ikadali pa firiji, alamu akuonetsani ndime yachitatu. Sindinakubisireni kanthu. Ndinangoika choonadi pamalo pamene simuyang'ana.

Mwafunsa ngati ndakondwa. Ndinakonzekera masabata atatu. Munandiphunzitsa nokha kuti mumadula ndi maso, ndiye ndinafuna kuti mawu anga asakwere kuposa a nkhwali. Pa rekoda pali timizere timene timavina mawu akamalowa. Ndinkaiika pa chitsa, ndiyende mapazi asanu, ndiyankhule, ndibwerere kudzamvera. Mawa lake mapazi khumi. Pa mapazi khumi ndi anayi ine ndi nkhwali tinafanana. Mawuwo ndinawalemba papepala, ndinawaloweza ndikusokerera mabatani. Ndinajambula kasanu ndi kawiri, chifukwa kasanu ndi kamodzi mawu anandithawa pakati. Pa moyo wanga sindinayankhulepo kwa anthu opitirira atatu. Inde, pamene ndinamva kuti abwana anu sanaizimitse, mtima wanga unavina. Sindinama.

Koma ndinalakwitsa chinthu chimodzi. Lachisanu ndinachotsa mabatire mu wailesi yathu, ndinawauza bambo kuti atha. Ndinaganiza kuti ndatseka paliponse. Ine amene ndimadziwa kuti chitseko cha khola chimamveka mpaka ku uvuni wa njerwa, ndinaiwala kuti mawu amadumpha mpanda. Hafu sikisi amakanika anafuula kuti, "Madala, wailesi yafa? Musaphonye mwana wanu!" Ananyamula yawo n'kuikhazika pamwamba pa mpanda, anakweza mpaka kumapeto. Anachita mwa chifundo. Ndikanawaletsa ndi mawu ati?

Ndinaima pakhomo la khitchini ndikuwerenga mphindi. Tsache litayamba, bambo anadzuka pampando popanda ndodo. Anati, "Kachete! Lafika! Amako awo!" Nkhope imene anaonetsa sindinaionepo chimwalirire amayi. Anamvera katatu koyamba, katatu kachiwiri. Kenako anati, "Ayi. Uyu akupuma mongoyerekeza. Msana sukumupweteka." Ndiye mawu anga anayamba.

Anamva zonse ali chiimire. Zitatha, amakanika anachotsa wailesi yawo mwakachetechete ngati akuba. Bambo anapapasa mpando n'kukhala.

Anati, "Ndiye m'mawa uliwonse unkandinamiza."

Ndinati, "Eya, bambo."

"Ndipo m'bale wako wamuchotsa ntchito."

"Eya."

"Wakhuta?"

Ndinalowa m'khitchini. Kuyambira tsiku limenelo ndikawatulutsira mpando sankafunsanso kanthu. Ndinkadana nalo funso lija, koma litasowa m'mawa unakhala ngati nyumba yopanda denga. Mlandu umenewo ndi wanga, sindikukusenzetsani. Wanu muli nawo kale.

Kachitini kanafika pa 11. Ndinawerenga, tonse tilimo. Nambala 7 ndinakamvera konse, maola anayi, Lamlungu masana, mwina pena pangatsale kanthu. Mulibe. Ukwati wa mnzanuyo unayenda bwino, kungoti amene anadula keke anayankhula motalika.

Kenako ndinatenga kakhadi ka zimene munayeretsa. Muli zidutswa makumi awiri ndi zitatu. Ndinkamvera zisanu kapena kuposerapo patsiku ndikaweruka, chilichonse mpaka kumapeto, monga ndimachitira. Cha nambala 19 munachitcha "Njiwa", mphindi zitatu ndi masekondi asanu ndi limodzi. Ndinazizindikira msanga, ndi ziwiri zija za mu mtengo wa mapeyala. Munatengapo gawo la pamene amayi anapita kukataya zinyalala kudzala, ndiye tsache mulibe. Pa wailesi munkaulutsa mphindi ziwiri zokha n'kuyamba kuyankhula. Kumapeto kwake simunafikeko.

Munaona phiri likukwera, munadula. Koma dzanja lanu linachedwa pang'ono. Njiwa zikatha kulira pali mapazi awiri pa dothi, kenako mawu: "Iwe Kachete, uku..." Basi. Pathera pomwepo.

Ndinakhala pansi pa simenti nthawi yaitali. M'mawa mwake ndinatulutsa mpando, ndinawaveka bambo mahedifoni anga akale aja omanga ndi ulusi. Ndinati, "Lafika, koma lafika lochepa." Ndinafuna kudumphitsa kuti ndiwafikitse kumapeto msanga. Anandigwira dzanja, ati, "Usathamangitse. Anali pomwepo nthawi yonseyi, angopita kudzala." Anamvera njiwa mphindi zitatu zonse. Mawu aja atamveka anayankha okha kuti, "Akujambula mphepo, mayi." Kenako anati, "Bwezera."

Tsopano ndi mmene timayambira tsiku. Dzulo anafunsa za inu. Anati, "Iye wamva?" Ndinati ayi. Anati, "Ndi amake."

Ndiye ndalemba chifukwa cha iwo, osati chifukwa cha ine. Ine sindinakukhululukireni. Pa mphindi khumi ndi zinayi munandibwezera masekondi awiri, ndipo amenewonso munawasiya mwangozi. Ndakopera mawuwo pa timakhadi titatu kwa wokonza mafoni, ine nditaima pomwepo. Kamodzi kali m'kachitini, kena kali kwa atelala, kachitatu sindikuuzani. Palibe kamene kadzakwere basi.

Mukafuna kuwamva amayi, bwerani. Mpando wina ulipo pakhonde. Mudzafike isanakwane 5:40, mudzakhale pansi, manja pa maondo. Batani ndidzadina ndine, ndipo mudzayambira pa njiwa.

Kachete